Yotham Muleya, Mnyamata wa Liwiro

Munthu akacoka m'mzinda wa Kafue naoloka mlatho, apeza kuti mseu wagawanika pawiri. Wina upita ku Choma, wina utsikira ku Chirundu kufikira ku Harare. Miseu iwiriyi ikumbutsa mbiri ya Yotham Muleya, pakuti ku Choma ndiko kwao, ndipo ku Harare ndiko kumene dzina lace linamveka.

Yotham anabadwira m'mudzi wa Mudukula, m'dziko la Atonga. Atakula anapita ku Lusaka, ku sukulu ya Hodgson, kukaphunzira nchito yokonza magalimoto. Kumeneko anthu anaona kuti pa liwiro la mtunda wautali panalibe womposa.

M'mwezi wa December 1958 kunali mpikisano waukuru ku Harare, kumene masiku amenewo kunali kuchedwa Salisbury. Kunafika Gordon Pirie wa ku Mangalande, katswiri amene anakhala waciwiri pa liwiro la mamita 5,000 pa masewera a Olympic ku Melbourne m'caka ca 1956. Koma akuru ena a masewera anakana kuti Yotham athamange nao. Sanamkane cifukwa ca kucepa liwiro ai, koma cifukwa ca khungu lace, popeza nthawi imeneyo Azungu a kumeneko sanali kupikisana ndi anthu akuda. Panabuka mkangano woopsa, ndipo potsiriza anamlola.

Tsiku lija bwalo linali la matope, ndipo Yotham analowamo wopanda nsapato. Mtunda wace unali mailosi atatu. Ambiri anayesa kuti mlendo wa ku Mangalande apambana mosabvuta, koma mnyamata wokonza magalimoto uja anamsiya m'mbuyo mayadi 100, natsiriza m'mphindi 14 ndi masekondi 48.5. Amene anafuna kumtsekera kunja anasowa conena, ndipo kuyambira pamenepo kunali kobvuta kukaniza munthu wakuda pa bwalo la masewera.

M'caka ca 1959 anapatsidwa mwai wopita ku America, ku sukulu yaikuru ya Central Michigan, kuti akaphunzire zambiri za liwiro. Atangokhalako masiku owerengeka, galimoto imene anakwera inacita ngozi pa mseu, ndipo anamwalira m'mwezi wa November, ali ndi zaka 19 zokha. Mtembo wace anabwera nao kwao.

Mu Lusaka muli mseu ndi sukulu zimene zichedwa ndi dzina lace.