Mendeleev, mwini wake wa nambala 101

Anzanga a Fomu 2, tonse tili kalikiliki kuloweza maelementi 20 oyamba aja, kuyambira hydrogen mpaka calcium, poti JCE ikubwera. Koma tatsikani m'munsi mwa periodic table, pa nambala 101. Mupeza Md, mendelevium. Limeneli ndi dzina la munthu, ndipo ndi yemweyo amene anatikonzera tebulo lotisowetsa tuloli.

Dmitri Mendeleev anabadwa mu 1834 ku Tobolsk, ku Siberia m'dziko la Russia, ali chitsirizira m'banja la ana ambirimbiri. Bambo ake anali mphunzitsi, koma anachita khungu ntchito n'kuwathera. Mayi ake, a Maria, ndi amene anasenza banja poyendetsa fakitale ya magalasi. Bambo aja anamwalira mu 1847, chaka chotsatira fakitale ija n'kupsa. Ena akanangoti basi, sukulu yathera pompa. Mayiwa ayi. Anamutenga mnyamatayo ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000, njanji kulibe, mpaka ku Moscow. Kumeneko yunivesite inamukana. Anapitirira ku St Petersburg, komwe analowa sukulu ya uphunzitsi mu 1850, ndipo mayi aja anamwalira chaka chomwecho. Ine ndikaganiza za ulendo umenewu, kamtunda timayenda m'mawa uliwonse kaja ndimachita nako manyazi kudandaula.

Mu 1869, ali mphunzitsi wa Chemistry pa yunivesite, anasanja maelementi 63 amene ankadziwika, potsata kulemera kwa maatomu ake. Anaona kuti ofanana khalidwe akumagwera mzere umodzi. Pena pamene sipankagwirizana sanakakamize, anangosiya mpata n'kunena kuti mwini malowo sanapezeke, koma adzakhala wolemera mwakuti, wa khalidwe lakuti. Anthu ena anamuyesa wolota.

Apa ndi pamene pamandisangalatsa. Mu 1875 wasayansi wa ku France, Lecoq de Boisbaudran, anapeza gallium ndipo atayeza density anapeza 4.7. Mendeleev, gallium-yo asanaione n'komwe, analemba kuti mkuluyo ayezenso, yankho liyenera kukhala cha pa 5.9. Atayezanso, inalidi 5.9! Kenako scandium inapezeka mu 1879, germanium mu 1886, zonse kukhala m'mipata yomwe ija.

Chodabwitsa, mphoto ya Nobel sanailandire. Mu 1906 anangotsala pang'ono, koma inapita kwa Henri Moissan, ndipo iye anamwalira kumayambiriro kwa 1907. Kwa ine apa anamulakwira.

Ulemu unabwera patatha zaka 48. Mu 1955 ku Berkeley, ku California, Albert Ghiorso, Glenn Seaborg ndi anzawo anawomba einsteinium ndi tizidutswa ta helium m'makina otchedwa cyclotron, n'kupanga elementi yomwe simungaikumbe pansi paliponse. Anapeza maatomu 17 okha, eti, ndipo pakangotha ola ndi mphindi zingapo theka lake limakhala litasanduka zina. Opeza ndi amene amapereka dzina, ndiye iwo anasankha Mendeleev. Vuto linali lakuti nthawiyo America ndi Soviet Union sankamwerana madzi, moti Seaborg anachita kupempha kaye chilolezo ku boma kuti atchule dzina la munthu wa ku Russia. Analola.

Si nthawi zonse zimayenda bwino chonchi. Maina a nambala 104 mpaka 109 asayansi a ku America, Russia ndi Germany anakanganirana mpaka 1997, pamene bungwe la IUPAC linagamula. Lamulo lake limalola dzina la malo, mwala, nthano, khalidwe la elementiyo kapena wasayansi. Omaliza kutchulidwa anali nihonium, moscovium, tennessine ndi oganesson mu 2016, kufikitsa tebulo pa 118. Pa maina onsewo palibe la munthu wa kuno ku Africa, ndipo asayansi a ku Japan ali mkati mosaka nambala 119.