Ernest Lawrence, Munthu Amene Anathamangitsa Tinthu Tosaoneka

Cinthu ciliconse cimene mumaona, kaya ndi mwala, madzi kapena mbatata ya kacewere, cinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tochedwa maatomu. M'kati mwa atomu mulinso tizidutswa tina. Kuti akatswiri adziwe za m'katimo, amawombera atomuyo ndi tizidutswa tothamanga kwambiri. Nanga kanthu kosaoneka ndi maso mungakathamangitse bwanji? Mmodzi mwa anthu amene anapeza yankho ndi Ernest Lawrence.

Lawrence anabadwa pa 8 Ogasiti 1901 ku Canton, m'dziko la America. Makolo ake onse awiri anali aphunzitsi. Anaphunzira sayansi, ndipo mu 1928 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley.

Tsiku lina mu 1929 anaona nkhani ya katswiri wina, Rolf Widerøe. Inali m'Cijeremani, cinenero cimene iye sankacidziwa bwino, ndiye anangoyang'ana zithunzi zake basi. Pamenepo nzeru inamubwerera. Taganizani za mwana ali pa katungwe. Simumukankha kamodzi ndi mphamvu zonse ayi. Mumamukankha pang'onopang'ono, nthawi iliyonse akafika pamene muli, mpaka akwere m'mwamba. Lawrence anaganiza zocita cimodzimodzi: maginito azizunguliritsa tizidutswa tija, ndipo magetsi azitikankha pa ulendo uliwonse.

Mu 1931 iye ndi wophunzira wake, Stanley Livingston, anayendetsa makina oyamba otere. Anawacha cyclotron. Anali aang'ono okwana pa cikhatho. Kenako anapanga ena aakulu, mpaka ena okhala ndi maginito olemera matani pafupifupi 4,000. Mu 1939 Lawrence analandira mphoto ya Nobel.

Makinawa anathandiza odwala. Mng'ono wake John, yemwe anali dokotala, ankaciza matenda a magazi ndi mankhwala opangidwa m'makinamo. Mu 1937 amai awo, a Gunda, anapezeka ndi khansa. Ana awo anawatengera ku California, kumene anawathandiza ndi ceza camphamvu ca X-ray. Amaiwa anakhalanso ndi moyo zaka zoposa 20.

Koma nzeru yomweyi inaphanso anthu. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Lawrence anasintha makina ake kuti azisankha mtundu wa uranium wopangira bomba. Uranium wocokera m'makina amenewa anali m'bomba limene linagwa pa mzinda wa Hiroshima ku Japan pa 6 Ogasiti 1945. Anthu miyandamiyanda anafa, ana ndi akulu omwe. Nkhondo itatha, iye analimbikitsabe zopanga mabomba oopsa kuposa lija.

Mu 1958 pulezidenti Eisenhower anamutuma ku Geneva, ku zokambirana zoletsa kuyesa mabombawa. Kumeneko matenda ake a m'matumbo anakula. Anabwerera kwawo, ndipo anamwalira pa 27 Ogasiti 1958 ali ndi zaka 57.

Nchito yake inasiya vuto limodzi. Kuti tizidutswa tithamange kwambiri, makina ankayenera kukula, mtengo wake nawonso n'kukwera. Patatha zaka ziwiri iye atamwalira, mu 1960, kunabwera cida catsopano cochedwa laser. Cimenecicimatulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi. Mu 1979 akatswiri awiri, Toshiki Tajima ndi John Dawson, anasonyeza kuti kuwalaku kungathe kuthamangitsa tizidutswa. Kukamadutsa mu mpweya wina wapadera, kumasiya funde kumbuyo, monga limene boti limasiya pa madzi a Cahora Bassa. Tizidutswa timakwera fundelo n'kuthamanga nalo. Pofuna kuyeza mphamvu yake, amatidutsitsa pa maginito. Tamphamvu kwambiri timakhota pang'ono, tofooka timakhota kwambiri.

Lero malo ofufuzira amene Lawrence anayambitsa ku Berkeley amachedwa ndi dzina lake, ndipo ali ndi laser yamphamvu yochedwa BELLA. Mu 2019 inapatsa tizidutswa mphamvu yaikulu pa mtunda wa masentimita 20 okha, ngati citsononkho ca cimanga. Makina akale akanafuna mamita mazana angapo.

Mwina mukuti, ifeyo kuno ku Tsangano ndi ku Macanga zikutikhudza pati? M'caka comweco ca 2019, ku Cipatala Cacikulu ca Maputo anatsegula malo oyamba m'dziko muno ocizira khansa ndi ceza. Makina ake nawonso amathamangitsa tizidutswa ta atomu. Komatu kucoka kuno kukafika ku Maputo ndi ulendo wautali, wodya ndalama, ndipo si banja lililonse lingakwanitse. Makina a laser akadali oyesedwa, sanafike m'zipatala. Akatswiri akulimbana nawo kuti adzakhale aang'ono ndi otsika mtengo, kuti thandizo longa limene a Gunda analandira lidzayandikire odwala ambiri.