DOTOLO ROBERT LAWS, SING'ANGA WA KU CAPE MACLEAR

Nkoyenera kuti ife a kumwera kwa nyanja tikumbukire iwo amene anayamba nchito ya cipatala pa dooko lathu lino, pakuti ana athu alikubadwa ndi kupeza mankhwala ali pafupi, nayesa kuti zinali cotero ciyambire. Cifukwa cace tifuna kulongosola moyo wa Dotolo Robert Laws, makamaka macitidwe ao pa nchito ya kuciritsa, ndi umo nchitoyo inakulira m'boma la Mangochi atapita iwo.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

A Laws anabadwa pa 28 May 1851 ku Mannofield, m'mzinda wa Aberdeen, dziko la Scotland. Atate ao anali mmisiri wa mipando ndi magome, munthu wosalemera, ndipo mwanayo anayamba waphunzira umisiri womwewo. Usana anali kupala matabwa, madzulo anali ku sukulu, kufikira analowa ku Yunivesite ya Aberdeen. Anaphunzira zitatu: nzeru za masukulu akuru, za Mau a Mulungu, ndi za using'anga. Pokhala ku Glasgow anatumikira m'zipatala za odwala nthomba ndi nthenda zina zopatsirana, kumene anthu ambiri anaopa kulowa. Komweko anazolowera kukhala pambali pa mphasa ya wodwala, ndi kupenyetsetsa umo nthenda iyendera tsiku ndi tsiku.

KUFIKA KU NYANJA

Atamwalira David Livingstone m'caka ca 1873, a mpingo wa ku Scotland anapangana kuutsa mishoni pa nyanja yathu kuti ikhale cikumbutso cace. M'mwezi wa May 1875 anyamata ndi akuru asanu ndi atatu ananyamuka ku London, mtsogoleri wao ndiye E. D. Young, ndi sing'anga wao a Laws, a zaka 24 zokha. Anatenga sitima yacitsulo, dzina lace Ilala, yomasulika zidutswa-zidutswa. Pa mathithi a Shire anaimasula, ndipo amtengatenga mazana ambiri anaisenza pamutu kufikira kumtunda, kumene anailumikizanso. Anacezera Mfumu Mponda, mwini dziko la pa mathero a nyanja, amene anawalola kusankha malo; ndipo pa 12 October 1875 Ilala analowa m'nyanja. Patapita masiku owerengeka anamanga misasa pa Cape Maclear.

MANKHWALA OGONETSA

Pa 2 March 1876 panacitika cinthu cimene cinamveka kutali. Mnyamata wina anali ndi cotupa pamwamba pa diso, ndipo a Laws anampumitsa mankhwala ochedwa kloroformu, nagona iye tulo tofa nato. Dotolo anaceka nacotsa cotupaco, mnyamatayo osapfuula konse. Ndipo pambuyo pace anauka. Olemba mbiri awerenga kuti aka kanali koyamba kugoneka munthu ndi mankhwala amenewa m'cigawo cino ca pakati pa Afrika.

Tizindikire ici: mankhwalawo anali atayesedwa koyamba pa odwala ndi James Young Simpson ku Edinburgh m'caka ca 1847. Zisanathe zaka 30 nzeru ya m'nyumba yophunziriramo asing'anga inafika pa mcenga wa kwathu, nithandiza mwana wa munthu wosauka. Nzeru ikakhala m'buku mokha ifanana ndi mbeu yosungidwa m'cikwatu. Ipindula pokhapo wina aitenga nakaibzala. Kuyambira pamenepo a zironda, a maso ndi olasidwa anayamba kudza ndi mabwato ao.

MANDA ASANU

Koma panali mdani amene mpeni wa Dotolo sunamkhoza, ndiye malungo. M'caka ca 1876 anafika Dr James Stewart wa ku Lovedale, pamodzi ndi sing'anga waciwiri, Dr William Black, ndi anyamata anai akuda a ku South Africa, mwa iwo William Koyi ndi Shadrach Mngunana. Caka cotsatira, 1877, Dr Black anamwalira, ndi Mngunana yemwe, ndi John Mackay. M'caka ca 1880 anatsata George Benzie ndi John Gunn. Manda ao ali pa Cape Maclear patsinde pa phiri. Ng'ombe zimene anabwera nazo zinathanso ndi kashembe. A Laws eni ace anagwa nao malungo kawiri-kawiri, nauka ndi kwinini.

Masiku amenewo asing'anga ambiri a ku Ulaya anakhulupira kuti malungo acokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Ambiri sanaganize za udzudzu. A Laws sanapeze ciyambi ca nthendayi, koma anacita cimene wofufuza aliyense ayamba naco. Analemba m'mabuku za odwala, za mvula, za kutentha ndi za mphepo. Ndipo atalandira utsogoleri wa mishoni kumapeto kwa 1877, sanathamangire kusamuka ndi mantha, koma m'caka ca 1878 anaika anthu owerengeka pa Bandawe ndi pa Kaning'ina, kuti akhale komweko ndi kuona makhalidwe a malowo ndi a anthu ace. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Atayesa cotero, m'caka ca 1881 anasamutsira mishoni ku Bandawe, nasiya Cape Maclear m'manja mwa Albert Namalambe, woyamba kubatizidwa, amene anabatizidwa pa 27 March caka comweco.

Bandawe nayenso anapezeka wa malungo. A Laws anabvomereza cimene maso ao anaona, nafunanso malo ena. Ndipo m'caka ca 1894 anakwera ku phiri la Khondowe, kumene kuli Livingstonia. M'nyumba mwao momwe cisoni sicinasowe: iwo ndi mai Margaret Gray, amene anakwatirana nao ku Blantyre m'caka ca 1879, anaika ana m'manda, nakula mmodzi yekha, Amelia Nyasa.

CINSINSI CIULULIKA

Pamene a ku Cape Maclear anali kukumba manda, anthu ena kutali anali kupenya mwazi wa odwala m'galasi lokuza tinthu tating'ono. M'caka ca 1880 Alphonse Laveran, sing'anga wa Cifalansa ku Algeria, anaona kacirombo ka malungo m'mwazi wa munthu. M'caka ca 1897 Ronald Ross ku India anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo panadziwika kuti dambo liipa cifukwa ca udzudzu wobadwira m'madzi ace, si cifukwa ca mpweya ai.

Nzeru iyi siinacedwe kufika ku nyanja. Dr Robert Howard wa mishoni ya U.M.C.A., imene inali ndi Likoma ndi Malindi, anafika m'caka ca 1899, naumiriza anzace kumwa kwinini mosadumpha ndi kudzicinjiriza ku udzudzu. Ndipo imfa zinacepa pakati pao. Apa tiona kuti wopenya m'galasi ndi wokhala pambali pa wodwala asowana. Wina apeza ciyambi ca nthenda, mnzace ayesa ngati cimene capezekaco ciciritsadi munthu m'mudzi.

SUKULU NDI CIPATALA PAMODZI

Ku Khondowe a Laws anautsa sukulu yaikuru ya Overtoun, kumene anyamata anaphunzira uphunzitsi, ubusa, umisiri, kusindikiza ndi kuchaya lamya. Anatsitsira madzi abwino m'mipope, nayatsa magetsi ndi mphamvu ya mtsinje m'caka ca 1905. M'caka ca 1911 cinatsegulidwa cipatala ca David Gordon Memorial, ndipo pomwepo ana a dziko lino anaphunzira nchito ya kuthandiza asing'anga: kutsuka zironda, kusakaniza mankhwala, ndi kuzindikira nthenda. Ciphunzitso cao cinali cakuti cipatala ndi sukulu zikhale pa bwalo limodzi, kuti wophunzira aone ndi maso cimene awerenga. Analembanso buku la mau a Cingerezi ndi Cinyanja, loturuka m'caka ca 1894, pakuti sing'anga wosamva cinenero ca wodwala angopenekera.

Anali munthu wa mau ocepa ndi mwambo wouma, ndipo ophunzira ao anawaopa. Cikhumbo cao cinali cakuti Overtoun idzakhale yunivesite, koma ndalama sizinakwanire, ndipo anzao ena sanabvomerezane nao. Cotero anyamata a nzeru analekezera pa kuthandiza, osafika pa udotolo. A Laws anacoka m'dziko muno m'caka ca 1927, atagwira nchito zaka 52. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa kwao ku Aberdeen.

ZOTSATA PAMBUYO PAO

Dziko lino linalinda nthawi yaitali lisanakhale ndi sukulu yace ya madotolo. Inatsegulidwa ku Blantyre m'caka ca 1991, ndiyo College of Medicine, pafupi ndi cipatala ca Queen Elizabeth. Ndipo mbali yace ya umoyo wa anthu a m'midzi anaiika ku Mangochi kuno, kuti ophunzira adziwe kumene odwala acokera. M'caka ca 2021 inaphatikana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu, nizikhala Kamuzu University of Health Sciences.

Ndipo malungo aja amene anapitikitsa a Laws anafufuzidwa m'boma lomwe lino. Kuyambira 1987 kufikira 1990 a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi anzao a ku America anatsata amai apakati zikwi zingapo m'zipatala za ku Mangochi. Mmodzi wa atsogoleri ace anali Dr Jack Wirima, mwana wa dziko lino. Anaona kuti tizirombo tibisala m'nsengwa, mai osamva kudwala, ndipo mwana abadwa wocepa thupi. Anaonanso kuti mankhwala a klorokwini anali atatha mphamvu. Zopezazo sizinagone m'mabuku. M'caka ca 1993 Malawi anakhala dziko loyamba m'Afrika kuleka klorokwini ndi kuika Fansidar m'malo mwace, nayamba kumwetsa amai apakati mankhwalawo ku sikelo; ndipo maiko ena anatsata. Fansidar atafokanso pa kuciritsa, m'caka ca 2007 anabwera mankhwala ochedwa LA. M'caka ca 2019 Malawi anatsogola kubaya ana katemera wa malungo, ndipo Mangochi linali limodzi la maboma oyambawo. Ku Lungwena, tsidya la kum'mawa, anatsatanso kukula kwa ana ndi kadyedwe kao zaka zambiri, pothandizana ndi a ku Finland.

CIMENE TIPHUNZIRAPO

Abale, m'mbiri iyi tiona zitatu. Coyamba, nthenda siigonja kamodzi. Mankhwala olimba lero afoka mawa, ndipo pafunika anthu akudikira ndi kuwerenga kosaleka, monga a Laws analemba mvula ndi odwala pa Cape Maclear. Caciwiri, wofufuza akhale wokonzeka kusiya njira imene anaikonda, ciwerengo cikamtsutsa. Cacitatu, nchito iyi si ya madotolo okha. Amai aja a ku Mangochi amene analola kuyesedwa mwazi mwezi ndi mwezi anapulumutsa ana a maiko amene iwo sanawaone. Koma ayenera kufunsidwa mwaulemu, m'Ciyao kapena m'Cinyanja, ndi kuuzidwa zoona, ndi kukhala aufuru kukana. Ndipo zikapezeka zopezazo, zibwerere kwa iwo eni.

Ife aphunzitsi a m'midzi tiri ndi gawo lathu. M'mabenci athu muli ana a asodzi amene angathe kupenya m'galasi lija ndi kutsogolera zipatala, cimene ophunzira a ku Khondowe anacilakalaka osacifikira. Tiwaphunzitse kuwerengera bwino, kupenyetsetsa, ndi kulemba cimene aona, osati cimene afuna. Ndipo popita ku Cape Maclear tiwatengere ku manda asanu aja, tiwauze cimene cinapha anthuwo, ndi zaka zimene zinapita cisanadziwike.