Tsubouchi Shoyo: Mphunzitsi Amene Analankhulitsa Shakespeare Cijapani

Tsubouchi Shoyo anabadwa m'caka ca 1859 ku Mino, dera la pakati pa dziko la Japan. Atatsiriza maphunziro pa yunivesite ya Tokyo mu 1883, anayamba kuphunzitsa pa sukulu imene pambuyo pace inadzakhala yunivesite ya Waseda.

Nchito imene amakumbukiridwa nayo ndi yomasulira masewero a William Shakespeare. Mu 1884 anamasulira Julius Caesar potsata kalembedwe ka joruri, nthano zoimba za masewero a zidole, kuti mau a mlembi wa ku England amveke ngati a kwao.

Iye sanafune kuti masewerowa athere m'mabuku. Mu 1906 iye ndi Shimamura Hogetsu anakhazikitsa bungwe la Bungei Kyokai, limene linaphunzitsa anthu ocita masewero. Mu 1911 bungweli linaonetsa Hamlet m'Cijapani ku Imperial Theatre mu Tokyo. Mbali ya Ophelia inatengedwa ndi mai Matsui Sumako, cinthu cacilendo cifukwa m'masewero a kabuki amuna ndiwo anali kucita mbali za akazi.

Bungwelo linapasuka mu 1913 cifukwa ca mikangano, koma Tsubouchi sanasiye kulemba. Mu 1928 anatsiriza kumasulira zolemba zonse za Shakespeare, ndipo m'caka comweco Waseda inatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya masewero yochedwa ndi dzina lace.

Anapitiriza kukonzanso mamasulidwe ace mpaka anamwalira ku Atami pa 28 February 1935.