Joseph Bates, Mmalinyero Amene Adasiya Chimodzichimodzi

Ambiri a ife timawadziwa a Joseph Bates ngati mmodzi mwa anthu atatu amene adayambitsa mpingo wathu, pamodzi ndi a James White ndi mayi Ellen White. Pachithunzi chawo cha m'mabuku a mbiri ya mpingo timaona nkhalamba yodekha, moti nkuganiza kuti adabadwa ali kale mkulu wampingo. Zidali kutali.

Adabadwa pa 8 July 1792 ku Rochester, m'chigawo cha Massachusetts ku America, ndipo adakulira ku Fairhaven, tauni ya padoko. Ali ndi zaka 15 adalowa ntchito pasitima yapamadzi ngati mnyamata wotumikira. Mu 1810, ali ku Liverpool, adagwidwa ndi kukakamizidwa kulowa usilikali wa pamadzi wa Britain. Nkhondo ya Britain ndi America itabuka mu 1812 adasanduka mkaidi, mpaka adakatsekeredwa kundende ya Dartmoor, ndipo kwawo adabwerera mu 1815. Adakulira pakati pa amalinyero, kumene kumwa, kusuta ndi kutukwana sizidali zodabwitsa munthu. Iwonso ankachita zomwezo.

Kusintha kudayambira pakanthu kakang'ono. Atakhala woyendetsa sitima, adadziikira malire a tambula imodzi ya mowa waukali patsiku, pa nthawi ya chakudya. Kenaka adazindikira kuti akulakalaka tambulayo kuposa chakudya chenichenicho, ndipo zidawaopsa. Mu 1821 adausiya mowa waukali. Vinyo sadasiye nthawi yomweyo ayi, adamwabe mpaka chaka chotsatira. Fodya adasiya mu 1823, ndipo pambuyo pake adalimbana ndi pakamwa pawo kuti kutukwana kuthe. Tiyi ndi khofi adadzasiya patapita zaka zingapo, ataona kuti zikuwasowetsa tulo. Nyama, batala, tchizi ndi makeke onona adasiya mu 1843. Tikawerengera kuchokera pa tambula ija, ndi zaka 22.

Chiwerengero chimenechi chimatichititsa manyazi pang'ono. Ife sabata ya mapemphero ikatha timafuna kusintha zonse Lolemba lomwelo: kudzuka 4 koloko, kusiya shuga, kuleka kugona ndi foni m'manja. Pofika Lachinayi tagwa, nkuyamba kunena kuti ndi mmene tidabadwira. Komatu m'kalasi la maphunziro a uphunzitsi timauzidwa kuti mwana wolephera masamu tisamamutche mbuli, chifukwa nzeru zimakula akamayeserera. Mwana timamukhulupirira, koma tokha timadziweruza msanga.

China chofunika kuchiona nchakuti mowa ndi fodya adasiya asanabatizidwe, uthenga wa zaumoyo kulibe. Akazi awo, mayi Prudence, amene adakwatirana nawo mu 1818, adawaikira Chipangano Chatsopano m'bokosi la zovala, ndipo adayamba kuchiwerenga ali panyanja. Adabatizidwa mu 1827, ndipo chaka chomwecho adathandiza kuyambitsa bungwe lolimbana ndi uchidakwa ku Fairhaven. Paulendo wawo womaliza, pasitima yotchedwa Empress, adauza amalinyero kuti mowa ndi kutukwana nzoletsedwa. Adalengeza malamulowo sitima itachoka kale padoko, njira imene mwina ife sitingaitengere, koma idasonyeza kuti sadakhulupirire zoti mmalinyero sangasinthe.

Adapuma ntchito ya panyanja mu 1828 ali ndi chuma chokwanira, ndipo pafupifupi chonse adachithera pa uthenga wa kubweranso kwa Yesu umene a William Miller ankalalikira. Yesu atapanda kubwera pa 22 October 1844, a Bates adatsala osauka ali ndi zaka 52. Pamsinkhu umenewo adayambanso kuphunzira. Mu 1845 adawerenga nkhani ya a T. M. Preble yonena za Sabata, naifufuza m'Baibulo, ndipo mu 1846 adalemba kabuku kawo ka Sabata kamene kadathandiza banja la a White kuyamba kusunga tsikuli.

Pamene mayi White ankalandira masomphenya a zaumoyo ku Otsego mu 1863, a Bates adali atatha zaka 20 osadya nyama, koma sankaumiriza abale kudya ngati iwo. Adapitiriza kuyendera mipingo ya ku Michigan ali okalamba. Adamwalira ku Battle Creek pa 19 March 1872 ali ndi zaka 79, ndipo adaikidwa ku Monterey pafupi ndi mayi Prudence.