John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene anapopa tayala

Kuno ku Chifunde mvula ikayandikira, eni njinga ndi magalimoto amayamba kuyang'ana matayala. Lakutha licoke, limu yopindika iwongoledwe. Tayala lampweya limene timadalirali linafala cifukwa ca munthu amene sanali makanika n'komwe.

John Boyd Dunlop anabadwa mu 1840 ku Scotland. Anali dokotala wa ziweto, ndipo nchito ankagwira ku Belfast, ku Ireland. Masiku amenewo matayala a njinga anali a mphira youma gwa, opanda mpweya. Mwana wake akakwera kanjinga ka mawilo atatu pa misewu ya miyala, thupi lonse linkangogwedezeka. Mu 1887 bamboyo anapanga cubu camphira, n'kucipopa, n'kucikutira ndi nsalu yolimba. Basi kanjinga kanayamba kuyenda myaa!

Mu 1888 boma linamupatsa cikalata ca umwini wa nzeruyo. Koma cimwemwe sicinakhalitse. Kunapezeka kuti Robert Thomson anali atalembetsa kale nzeru yomweyo zaka zoposa 40 m'mbuyomo, ndipo cikalata ca Dunlop cinathetsedwa. Kampani ya dzina lake inakula kwambiri, koma mwini dzinayo sanalemere nayo kwenikweni. Anamwalira ku Dublin mu 1921.