Guo Shoujing, katswiri amene anakweza ngalawa kumtunda

Katundu akafika pa Ilala ku Nkhata Bay, ulendo wake wa pamadzi umathera pompo. Kuti afike kuno ku Mzuzu amamukweza pa galimoto, pakuti madzi sakwera phiri. Vuto lotereli linalinso ku China zaka zoposa 700 zapitazo, ndipo amene analithetsa ndi Guo Shoujing. Ophunzira amene mukukonza matchati a ngalande zakale za ku China, muyenera kumudziwa munthu ameneyu.

Guo anabadwa mu 1231 ku Xingtai, kumpoto kwa China. Analeredwa ndi agogo ake aamuna, a Guo Rong, omwe ankadziwa masamu ndi kayendedwe ka madzi. Mu 1262 anakaonekera kwa mfumu Kublai Khan ndipo anaipatsa mfundo zisanu ndi imodzi zokonzera mitsinje ndi ngalande. Mu 1264 anatumidwa ku Ningxia komwe anatsegulanso ngalande zothirira minda zimene zinawonongeka pa nkhondo. Analinso katswiri wa nyenyezi. Kalendala yomwe anamaliza ndi anzake mu 1280 inawerengera chaka kukhala masiku 365.2425, chiwerengero chomwecho chimene kalendala ya Januwale mpaka Disembala imatsata lero.

Koma ntchito yake yaikulu pa za madzi inabwera atakula. Likulu la mfumu, Dadu, lomwe lero ndi Beijing, linkadalira mpunga wochokera kummwera. Ngalawa zinkafika nawo pa Tongzhou basi, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda, chifukwa mzindawo ndi wokwera ndi mamita pafupifupi 20. Kuchokera apo matumba ankayenda pa ngolo. Mvula ikagwa msewu unkasanduka matope, ndipo abulu ambiri ankafera m'njira. Ena m'mbuyomo anayesa kupatutsa mtsinje wapafupi, koma madzi ake amatope anakwirira ngalande yawo.

Guo anayamba ndi kuyeza asanakumbe. Anapeza kasupe wa madzi oyera wa Baifu, kumpoto kwa mzinda. Akanati akumbe mowongoka, madziwo akanatsikira m'zigwa za pakati osakweranso. Choncho ngalande yake inazungulira chakumadzulo, m'tsinde mwa mapiri, ikutsika pang'onopang'ono ndi kutolera akasupe ena, mpaka inalowa mumzinda pa dziwe la Jishuitan.

Panatsala vuto lina. Kuchokera mumzinda kupita ku Tongzhou nkotsetsereka, motero madzi akanangothamanga n'kusiya ngalawa zitatitimira. Choncho m'ngalande yonseyo anaikamo zitseko 24 zotchinga madzi, zambiri ziwiriziwiri. Ngalawa ikalowa, chitseko chakumunsi chinkatsekedwa, chakumtunda n'kutsegulidwa. Madzi akadzaza, ngalawa inkakwera nawo n'kupitirira, ngati munthu wokwera masitepe.

Ntchito inayamba mu 1292, ndipo mfumu inalamula kuti ngakhale nduna zigwire makasu poyambitsa. Mu 1293, Guo ali ndi zaka 62, ngalande inatha. Kublai ataona dziwe la Jishuitan litadzaza ndi ngalawa, anaitcha Tonghui. Inakhala gawo lomaliza kumpoto la Grand Canal, njira ya pamadzi ya makilomita pafupifupi 1,800 yochokera ku Hangzhou, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika a mbiri ya dziko lonse mu 2014.

Si nthawi zonse pamene ankamumvera. Mu 1298 analangiza kuti ngalande yotaya madzi a m'mapiri ku Shangdu ikhale yotakata kwambiri. Akuluakulu anaopa kuwononga ndalama ndipo anaichepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chaka chotsatira kunagwa chimvula, madzi anasefukira n'kukokolola anthu, ziweto ndi mahema. Apo m'pamene anazindikira kuti mkuluyo sankangolankhula, ankayeza.

Guo Shoujing anamwalira mu 1316 ali ndi zaka 85. Lero chigwa china cha pa mwezi chili ndi dzina lake.

Tsono pa tchati panu musangojambula mzere wochokera ku Hangzhou kukafika ku Beijing. Jambulaninso ngalandeyo ngati mukuionera cham'mbali: kasupe pamwamba, mzinda pakati, Tongzhou pansi, ndi zitseko pa chitsetsereko. Makolo akadzabwera kudzaona, adzamvetsa mmene mpunga unkakwerera kumtunda popanda injini.